Nsomba zikamathawa, yambani mwapima madzi

Mwezi uno mafunso a nsomba achuluka kuposa a chimanga. Ndasankhapo anayi. Achokera m'maboma osiyana, koma onse akuzungulira pa kutentha ndi kuzizira kwa madzi.

FUNSO, kuchokera kwa bambo a m'dera la Domasi ku Zomba: "Kumunsi kwa dimba langa kuli dziwe la m'kamtsinje kothira mu Domasi. Chiyambire ubwana wanga timaphamo matemba ndi milamba chaka chonse. Zaka zitatu zapitazo ndidakuza dimba, ndidatchetcha bango, ndidagwetsa mikuyu iwiri yomwe inkatchinga dzuwa pa tomato, ndipo ndidagula pampu ya sola. Okutobala wathayu m'mawa uliwonse ndinkapeza matemba atayandama, ena akuyasama pamwamba, koma milamba ilipo. Ndikukayikira anzanga a kumtunda kuti akutsukira sipuleya mumtsinje. Kodi ndikawasumire kwa amfumu? Nanga ndingagule mbewu ya nsomba n'kuthiramo?"

YANKHO: Bambo, kwa amfumu musapite kaye. Werenganinso kalata yanuyi pang'onopang'ono. Mudatchetcha bango, mudagwetsa mikuyu, mudaika pampu, ndiye lero mukuloza chala kumtunda? Mikuyu imene mukuti inkatchinga dzuwa pa tomato ndi yomweyo inkaphimba dziwe ndi mthunzi. Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa mkuyu umatenga zaka zambiri kuti nthambi zake zifike pamwamba pa madzi, koma nkhwangwa imaumaliza dzuwa lisanapendeke.

Dziwelo sindinalione, komabe ndikunenetsa kuti si mankhwala. Mankhwala ophera tizilombo akalowa m'madzi sasankha. Amapha matemba, milamba, nkhanu ndi tizilombo ta pansi pa miyala, ndipo amapha tsiku lomwe atsukidwira, kaya ndi masana kaya madzulo. Zanuzo zikufa m'mamawa mokha, tsiku ndi tsiku, mwezi wotentha, milamba n'kumatsala. Kumeneko ndi kubanika. Mlamba uli ndi chiwalo m'mutu chopumira mpweya wa kunja, n'chifukwa chake mumauona ukutulutsa kamwa n'kubwereranso pansi, ndipo umapirira ngakhale m'matope. Matemba alibe mwayi umenewo.

Madzi akamatentha amasunga mpweya wa okosijeni wochepa. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, koma madziwo akafika madigiri 30 imasunga 7.5 basi. Mwina munena kuti kusiyanako n'kochepa. Kumbukirani kuti nsomba ilibe kutentha kwakekwake ngati mbuzi kapena nkhuku, thupi lake limatsata madzi. Madzi akakwera ndi madigiri 10, thupi la nsomba limagwira ntchito pafupifupi kawiri, ndipo limafuna mpweya wochuluka chimodzimodzi. Mpweya ukutsika, wofuna mpweyayo njala ikukula. Onjezanipo feteleza wokokoloka m'mabedi anu a tomato, yemwe akunenepetsa ndere. Masana ndere imatulutsa mpweya, usiku imaumeza pamodzi ndi zinyalala zowola pansi. Pomwe atambala akulira, m'dziwemo mpweya umakhala utatheratu, ndipo ndi nthawi imeneyo mukupeza matemba akuyasama.

Ndiye pali pampuyo. Sola imakoka mwamphamvu dzuwa likakhala paliwombo, nthawi yomweyo pamene madzi akutentha. Madzi ochepa amafunda msanga, aliyense wotereka ketulo akudziwa. Komanso chichokereni bango, dothi la m'gombe lakhala likugumukira m'dziwemo dzinja lililonse. Ndikhulupirira kuti pamene kale madzi ankalekeza m'chifuwa, lero akulekeza m'mawondo. Tengani ndodo mukapime, mudzandiuze ngati ndanama.

Pezani choyezera kutentha chagalasi, chija amagwiritsa ntchito m'malabotale a kusukulu. Cha odwala sichithandiza, chimayambira pamwamba kwambiri. Mtengo wake ndi wa nkhuku imodzi, mwina kuposerapo pang'ono. Pimani dzuwa lisanatuluke, mudzapimenso cha m'ma 2 koloko masana, ndipo musapime malo amodzi. Chilimwe china ndikugwira ntchito kumunsi kwa mapiri a Chikala ndidatsata kamtsinje ndi mnyamata wa m'mudzimo. Pamchenga poyera madzi adali ofunda ngati osambitsa khanda, osaonekamo ngakhale kansomba kamodzi. Tidafika pa katope wina wopendekera m'madzi, mizu yake italowa pansi pa gombe. Mnyamatayo adapisa mkono mpaka m'phewa n'kunena kuti, "Alangizi, muno mukuzizira ngati mumtsuko." Pansi pa mizuyo pankatumphuka kakasupe, mchenga ukuvinavina ngati phala likamawira, ndipo matemba adali ataunjikana pamenepo, pamalo osaposa mphasa imodzi, onse mitu italoza kukasupeko. Choyezera changa chidatsika ndi madigiri asanu pa mtunda wa mapazi khumi okha. Kuyambira tsiku limenelo sindimvanso munthu akamati "madzi a mtsinje uno ndi otentha" ngati kuti mtsinje wonse ndi mphika umodzi. Muli zipinda mumtsinje, ndipo m'chilimwe nsomba imapulumukira m'kachipinda kotere.

Koma musaganize kuti mtengo umodzi uziziritsa mtsinje. Madzi amabwera ndi kutentha kwa komwe adutsa. Akayenda kilomita yathunthu poyera, pa mchenga wotentha, mthunzi wa mtengo wanu umodzi sungawabweze. Mtengo umodzi umapereka pothawira. Kuti madzi oyenda asatenthe pamafunika mthunzi wotsatana mamita mazana angapo. Apa ndi pamene anzanu a kumtunda akukhudzidwa, ndipo nkhani yokatula kwa amfumu ndi imeneyi: mudzi ugwirizane zosiya mphepete mwa mtsinje. Mutu umodzi susenza denga.

Mankhwala anga ndi omwewa chaka ndi chaka, kubzala. Bwererani m'mbuyo mamita 10 kuchokera pagombe, tomato asafikenso pamenepo. Kumbani mizu ya bango komwe likadalipo, muwokere m'gombe mwanu, pakatha chaka lagwira. Mkuyu susowa nazale: dulani nthambi yonenepa ngati mkono, yotalika mamita awiri, muzike mvula ikamayamba. Mbande za katope, mbawa ndi mwimbi zimamera zokha pansi pa mitengo yake, zuleni ndi dothi lake. Bulugama ayi, ameneyo mukabzale kumtunda. Ndalama yake ndi ganyu wa masiku awiri kapena atatu, basi. Ena adzakuuzani kuti mukumbe matope m'dziwemo kapena mumange miyala. Ine zimenezo sindizilimbikitsa, ndaona maiwe okumbidwa akukwiririkanso ndi mvula yoyamba chifukwa gombe lidali lamaliseche. Zipika ndi mizu zogwera m'madzi musazizule kukasonkhera moto, ndi nyumba za nsomba zimenezo. Payipi ya pampu ichoke pozama, mukumbe kachitsime m'mbali muzikokera pamenepo. Zikani ndodo pakati pa dziwe, muiseme chizindikiro cholekeza m'chiuno, ndipo madzi akatsika kufika pamenepo pampu izime.

Zogula mbewu iwalani. Kuthira ana a nsomba m'dziwe lobanika n'kutaya ndalama m'madzi. Mbewu ya ku National Aquaculture Centre kwanu ku Domasiko ndi ya m'madamu okumba. Matemba adzabwera okha ndi madzi a dzinja malo akakhala bwino, madzi saiwala khwawa. Ndipo dziwani kuti dziwelo si lanu nokha. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka ming'alu yokhayokha. Nanga madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zidachokera kuti? Zambiri zidabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. N'chifukwa chake nyanja itaphwa mu 1995 mafumu ndi a zansomba adalimbana kwambiri ndi othira katupe, poizoni wophera nsomba, m'maiwe. Msodzi wa ku Kachulu sakudziwani, koma mbewu yake ina ikugona kumunsi kwa tomato wanuyo.

FUNSO, kuchokera kwa mayi a kwa Bembeke ku Dedza: "Gulu lathu la amayi lidakumba damu la mamita 10 kwa 20 pakati pa nthochi ndi nsungwi, poti tidamva kuti nsomba zimafuna mthunzi. Madzi timapatutsa m'kamtsinje kochokera m'phiri, ndipo amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku kuti akhale oyera. Tidaika makumba mu Meyi. Madeya timathira kawiri pa tsiku koma amangotsala. Pofika Ogasiti nsomba zidali zikadali ngati chala. Kodi adatigulitsa mbewu yokwinimbira?"

YANKHO: Amayi, khama mwachita, koma mudakumba musanafunse. Mlangizi wa kwanuko akadakuletsani tsiku loyamba lomwe. Mbewuyo ilibe mlandu. Mwaika nsomba za kumalo otentha m'madzi a m'phiri, mwezi womwe chisanu chikuyamba, n'kuziphimbanso ndi mthunzi.

Uphungu wa mthunzi womwe mudamvawo ndi woona, koma ndi wa mtsinje wa kuchigwa ngati wa bambo a ku Domasi aja. Kwanu vuto ndi lotembenuka. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ku Salima ili pansi pa mamita 500. Makumba ndi chilunguni zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20 kudya kumachepa ndipo kuswana kumaima. Cha m'ma 16 zimangokhala duu pansi, ndipo akamayandikira 10 zimayamba kufa. Madzi a kamtsinje kanuko m'mawa wa Julayi ali kumunsi komweko. Madeya akutsalawo akukuuzani zomwezo.

Cholakwika chachikulu ndi madzi oyenda usana ndi usiku. Dzuwa likafunditsako damu pang'ono, inu mukutulutsa madzi ofundawo n'kulowetsa ozizira, ndipo chakudya cha chilengedwe chikutuluka nawo limodzi. Madzi oyera mbee ndi akumwa anthu. Nsomba za m'damu zimafuna obiriwira. Tsekani polowera, muzitsegula pongobweza omwe aphwa, ndipo muzitero masana. Ngati malo alipo, madziwo ayambe ayenda m'ngalande yaitali yosazama, yapoyera, kuti afike atawothako dzuwa. Pakona ya damu mangani kakhola ka timitengo muziikamo manyowa a nkhuku kapena a mbuzi. Pisani mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikamaoneka bwinobwino, onjezani manyowa.

Nthochi ndi nsungwi za kum'mawa ndi kumpoto zichoke, chifukwa mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Za kummwera zisiyeni, zikutchingireni mphepo ya mwera. Mbali imodzi ya damu muizamitse kufika mita imodzi ndi theka. Ku mapiri a Ntcheu ndidaonapo madamu awiri oyandikana chaka china cha chisanu choopsa. Losazama, lolekeza m'mawondo, lidadzuka m'mawa nsomba zili mimba m'mwamba, pamene lozama silidataye ngakhale imodzi. Madzi ozama amasunga kutentha kwa masana mpaka kucha.

M'miyezi yozizira thirani madeya kamodzi kokha, masana dzuwa litatentha, pang'ono pokha, ndipo akatsala mawa lake musathire. Nsomba zanuzo musazitaye, ziyamba kukula mu Seputembala. Ulendo wina muziika mbewu mu Seputembala n'kukolola mu Epulo kapena Meyi. Mitengo mwadulayo mukaibwezere m'mbali mwa kamtsinjeko kuyambira kukasupe, chifukwa kakaphwa mu Okutobala damu lomwelo latha.

FUNSO, kuchokera kwa mnyamata wa ku Balaka: "Ndamva kuti nsomba ya trout imagulidwa modula m'mahotela. Ndili ndi malo pafupi ndi Rivirivi. Mbewu yake ndingaipeze kuti?"

YANKHO: Achimwene, mwayambira ku mtengo wa pamsika musanapise ndi chala chomwe m'madzi. Trout idabwera nthawi ya atsamunda kuchokera kumaiko ozizira. Imafuna madzi othamanga a madigiri 12 mpaka 18, imavutika akapitirira 21, ndipo cha m'ma 25 imafa. N'chifukwa chake adaiika pamwamba pa phiri la Zomba mu Mulunguzi, pa Mulanje ndi ku Chelinda pa Nyika. Taonani Mulunguzi yemweyo: akatsika phiri amathira mu Likangala, ndipo madzi omwe m'mwamba amasunga trout, kumunsi amasunga matemba ndi milamba. Mtsinje ndi umodzi, eni nyumba ndi osiyana malinga ndi kukwera kwa malo. Ku Balaka wetani makumba ndi milamba. Kutentha kwa kwanuko ndi chuma kwa nsomba zimenezo, amayi a kwa Bembeke akukusirirani.

FUNSO, kuchokera kwa mlembi wa komiti ya zachilengedwe m'mudzi wina wa m'mbali mwa Bua ku Nkhotakota: "Kwa zaka zinayi tasamala gombe la mudzi wathu, theka la kilomita. Sitilimamo, mitengo yakula. Koma mpasa sakuchuluka. Biyo yathu, yomwe timatseka tsidya ndi tsidya, chaka chino yagwira ochepa kuposa kale. Anthu ayamba kunena kuti mitengo ilibe phindu ndipo akufuna kubwezeretsa madimba. Tiwauze chiyani?"

YANKHO: Alembi, ndakondwa ndi mitengoyo, koma mawu akuti "tsidya ndi tsidya" andiimitsa mutu. Mukusamala gombe ndi dzanja lamanja, lamanzere mukutseka njira ya nsomba zodzala mazira. Mpasa yemwe akukwera Bua akupita kukaswana. Aliyense wogwera m'mono wanu wapita ndi ana ake onse. Ndiye mukudabwa kuti chaka ndi chaka akuchepa?

Mpasa ndi nsomba ya kwathu kuno, imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yothiramo basi. Amakulira m'nyanja akusaka tinsomba monga usipa. Madzi a mvula akadzaza mitsinje, mpasa amayamba kukwera, ndipo kuswana kumapitirira mpaka m'miyezi yozizira, madzi atayera. Amafuna malo osazama, madzi othamanga, pansi pali nsangalabwi zoyera. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, ndipo madzi ozizira odutsa m'mipatamo ndi omwe amawapatsa mpweya. Matope akatseka mipatayo mazira amabanika. Ana akaswa amakhala kaye mumtsinje, m'mbali modekha ndi m'maiwe, asanatsikire kunyanja. Sanjika, mng'ono wake wa mpasa, amachitanso chimodzimodzi.

Werengani malo omwe nsomba imodziyi ikufuna pa moyo wake: nyanja, mathiriro osatchingidwa ndi maukonde, njira yotseguka, nsangalabwi zoyera, maiwe osaphwa m'chilimwe. Malo amodzi okha akawonongeka, ena onse ngakhale atakhala bwino chotani, mpasa achepa. Matemba a bambo a ku Domasi aja angapulumuke ndi kakasupe ka pansi pa mizu. Mpasa amafuna mtsinje wonse. Bua amayambira ku Mchinji kufupi ndi malire a Zambia, amadutsa m'minda ya fodya ndi chimanga mpaka m'malire a Kasungu, kenako n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota. Dothi lofiira lomwe mumaliona mu Januwale lachokera kwa anthu omwe sadamuonepo mpasa ndi maso. Theka la kilomita lanulo silingasefe matope a chigawo chonse chapakati. Chomwe chasungitsa mpasa mu Bua mpaka lero ndi nkhalango ija, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015, chifukwa m'menemo mtsinje umayenda mtunda wautali pansi pa mitengo, wopanda khasu m'gombe. Linthipe, Dwangwa ndi North Rukuru nayonso ndi mitsinje ya mpasa, koma komwe magombe adalimidwa mpaka m'madzi nsombayi yasowa kwambiri. Funsani agogo anu za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inkadzaza maukonde, nayonso inkakwera mitsinje kukaswana, anthu n'kumaitchingira panjira. Lero achinyamata ambiri sadziwa maonekedwe ake.

Anthuwo muwauze kuti akupimira pa malo olakwika. Biyo imawerenga nsomba zochokera kunyanja, ndipo kuchuluka kwake kukutengera zomwe zachitika kumathiriro, kunyanja ndi kumtunda zaka zingapo zapitazo. Phindu la mitengo yanu lili mwa ana. Mu Seputembala ndi Okutobala pitani m'mawa ndi anthu okayikawo, muime chete pagombe lanu la mthunzi muwerenge magulu a tiana ta nsomba m'mbali. Mukatero muyende kukaima pagombe lolimidwa la mudzi woyandikana nawo, muwerengenso. Pimaninso kutentha malo onse awiri cha m'ma 2 koloko. Ndidachitapo zotere ndi komiti ina yomwe idatsala pang'ono kugawana gombe, ndipo mkulu yemwe ankalimbikira kwambiri za dimba ndi amene adayamba kuloza tiana ta nsomba ndi ndodo yake pansi pa mikuyu.

Biyo itseguke. Siyani pakati pomwe pali mkokomo wa madzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a mtsinje, ndipo masabata omwe mpasa akukwera mwaunyinji muichotseretu. Pitani ku ofesi ya zansomba ya boma lanu akuuzeni nyengo yotseka ndi zida zololedwa pa Bua. Lamulo la zansomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, katupe ali m'gulu lomwelo, ndipo limapereka mpata woti midzi izitenga nawo mbali posamala nsomba. Gwiritsani ntchito mpata umenewo. Kudzera kwa agulupu ndi a T/A, kumanani ndi makomiti a kumunsi mpaka kumathiriro, chifukwa inu mukatsegula iwo n'kutseka, palibe chomwe mwachita. Okumba mchenga ndi miyala yomangira muwaletse pamalo osazama othamanga madzi, akakumbe pomwe mtsinje udasiya mchenga pouma. Ndipo mitengo ipitirire, mudzi uliwonse uwonjezere theka lake la kilomita mpaka magombe alumikizane.

Pomwe pali nsangalabwi, lowani m'madzi mupalase ndi phazi. Pakatuluka kafumbi kochepa n'kuyera msanga, malowo ndi amoyo, muwaikire chizindikiro ndipo ng'ombe zisamwere pamenepo. Pakatuluka chimtambo cha matope, timiyala titamatirana ngati tapakidwa simenti, lembaninso malowo. Gulani kope limodzi la ana asukulu, muzilembamo tsiku, malo, madigiri ndi magulu a tiana omwe mwaona. Mu Novembala mvula isanagwe munditumizire zomwe zili m'kopemo, ndipo mundiuzenso kuti mpata wa pabiyo mwasiya waukulu bwanji.